Kujambulitsa ku Venice ndi wojambula wolipira, amene munapangapo tithandizeni

mayi_wa_atatu:

Moni nonse muno. Ine nthawi zambiri ndimangowerenga zanu sindilembalemba, koma lero ndati ndifunse, safunsa anadya phula paja. Ine ndi abambo akunyumba tikukwanitsa zaka 10 tili m'banja kumapeto kwa Okutobala, ndiye takhala tikusunga ndalama zaka ziwiri zathunthu kuti tipite ku Italy, tiyambire ku Rome masiku atatu kenako tikwere sitima kupita ku Venice komwe tikagone katatu. Matikiti tinagula kale, hotela ya ku Venice tapeza mbali ya Cannaregio, akuti ndi mphindi zochepa wapansi kuchokera pa siteshoni ya Santa Lucia.

Nkhani yanga ndi zithunzi. Pa ukwati wathu wojambula amene tinamulemba ntchito anataya kadi ya mu kamera, anabwera patadutsa masabata awiri kudzapepesa ndipo ndalama anabweza, koma ndalama si zithunzi. Za tsiku limenelo tili ndi zitatu basi zomwe achibale anatijambula pa foni, china nkhope zathu sizikuonekanso bwino. Ana akamafunsa kuti amayi dilesi yanu inali yotani ndimasowa chowaonetsa, zimandiwawabe mpaka lero ndithu. Ndiye ulendo uno ndikufuna tilipire munthu wodziwa ntchito atijambule awirife bwinobwino, ola limodzi kapena awiri, chithunzi choti ndikachipachike pakhoma chachikulu.

Vuto ndi loti ndikalowa pa Instagram ojambula a ku Venice ndi ambirimbiri ndipo aliyense zithunzi zake ndi zokongola, ndiye munthu umadziwa bwanji kuti uyu ndi weniweni, osati wongotola zithunzi za anzake nkudya dipoziti yako? Wina wandiuza 250 euro ola limodzi, wina 480 euro maola awiri, wina akuti tiyambe dzuwa lisanatuluke, eti ndi zoona zimenezo kapena akungofuna amalize msanga apite kwa kasitomala wina? Za gondola, bwato lopalasa lokwezeramo alendo lija, nazo sindikumvetsa, timalipira ndife kapena zimakhala mu mtengo wa wojambula? Komanso ndawerenga zoti nyengo imeneyo madzi amasefukira mumzinda, nanga tsikulo madzi akadzabwera ndalama yanga ikhala yapita?

Abambo akuti tingopempha odutsa azitijambula pa foni, ndalamayo tidyere chakudya chabwino. Sindikufuna tikangane pa nkhani imeneyi koma mtima wanga suli pamenepo. Chonde amene munapitako ndiuzeni zoona zokhazokha.

ulendo_sutopetsa:

Achemwali nkhani yanu ya kadi yandikhudza, pepani kwambiri. Ife tinapanga zimene mukufunazi, tinagona ku Venice kawiri ndipo m'mawa wa tsiku lachiwiri tinajambulitsa maola awiri, tinalipira 400 euro. Ndikuuzeni poyambirira, amene akuti muyambe dzuwa lisanatuluke ndi amene akukuuzani zoona, musamukayikire.

Tsiku loyamba tinafika pa bwalo la San Marco cha m'ma 11 koloko ndipo ndinakhumudwa, anthu anali pikitipikiti, magulu a alendo akutsatira munthu wonyamula kambendera, mzere wolowera mu tchalitchi wautali kuzungulira, pa kamlatho koonera Ponte dei Sospiri kuti upeze poima uyenera kudikira wina achoke. Ndinauza amuna anga kuti mawa tingotaya ndalama apa. M'mawa mwake tinakumana ndi wojambula kudakali kamdima, tinalowa bwalo lomwelo ndipo sindinakhulupirire kuti ndi malo omwe aja. Munali anthu osesa ndi matsache awo aataliatali, nkhunda, bambo mmodzi wothamanga, ndi akwati awiri ovala zaukwati nawonso ali ndi wojambula wawo patali uko. Mipando ya pa Caffè Florian inali isanayalidwe, magetsi a m'makonde adakali oyaka. Tinatsikira kumadzi pakati pa zipilala ziwiri zija pafupi ndi Palazzo Ducale, magondola onse ali omangirira pa mitengo atafunditsidwa malona a buluu akungogwedera ndi mafunde, kutsidya tchalitchi cha San Giorgio Maggiore kumwamba kukuyamba kufiira. Chithunzi chimene chili pabalaza kwathu anatijambula pamenepo, sitinkadziwanso kuti akujambula, amuna anga anali akundikonzera sikafu chifukwa kamphepo kochokera kunyanja kanali kozizira.

Pofika cha m'ma 9 anthu anali atayamba kudzaza, ife tinali titachoka kale tili m'tinjira ta kuseri kulowera ku Accademia. Mlatho wa Accademia ndi wamatabwa, ukaima pamwamba umaona ngalande yaikulu ya Canal Grande mpaka denga lozungulira la Santa Maria della Salute, kumeneko musaphonye.

Za gondola, kwa ambiri imakhala yapadera, mumalipira nokha kwa wopalasayo ndipo nyamulani kashi. Mtengo anaika ndi a mzinda, 90 euro mphindi 30 masana, 110 euro mphindi 35 ikakwana 7 koloko madzulo, ndipo ndi mtengo wa bwato lonse osati pa munthu, lololedwa kunyamula anthu mpaka 5, ndiye wojambula akakwera nanu simuwonjezera kanthu. Koma dziwani kuti opalasa sayamba ntchito m'bandakucha, ambiri cha m'ma 9, ndiye gondola imakhala ya kumapeto. Wojambula wathu anakwera nafe theka la ulendo atakhala kutsogolo kutiyang'ana, kenako anatsika pena pake nkuthamangira pa kamlatho kuti atijambule tikudutsa pansi, anali atagwirizana kale ndi wopalasayo m'Chitaliyana. Apa mpamene ndinaona kufunika kwa munthu wokhala komweko. Muwauze akulowetseni m'tingalande ting'onoting'ono, mu Canal Grande maboti a injini amagwedeza bwato kwambiri ndipo nkhope imaoneka kuti munthu ukuopa.

Nsapato achemwali. Ku Venice kulibe galimoto ngakhale imodzi mukangodutsa Piazzale Roma, ndi wapansi kapena boti basi, ndipo milatho ndi yoposa 400 pafupifupi yonse ya masitepe. Ine gogoda ndinaiika m'kachikwama nkumayenda ndi nsapato yafulati, tikafika pojambula ndimasintha. Komanso masitepe otsikira m'madzi, amene ali ndi ndere yobiriwira musapondepo ngakhale akuoneka okongola bwanji, amaterera ngati therere, ndinaona mtsikana wina akukhala pansi mwadzidzidzi dilesi yonse kumbuyo kubiriwira.

Pokumana gwirizanani pa siteji ya vaporetto, boti lonyamula anthu ngati basi, osati pa adilesi. Manambala a nyumba kumeneko sayendera msewu, amayendera dera lonse mpaka masauzande, ndipo mapu a pa foni amasokonekera m'tinjira topanikizana tija. Ife dzulo lake tinayenda njirayo kamodzi kuti m'mawa tisasochere.

kamera_pakhosi:

Amayi ine ntchito yanga ndi yomweyi ya kujambula, ngakhale ku Venice ndinangopitako ngati mlendo ndi kamera yanga, ndiye ndiyankha mbali ya kusankha munthu ndi kugwirizana naye, za malo anena kale achemwali pamwambapa.

Zithunzi za pa Instagram musaziike kumtima kwambiri. Aliyense amaikapo chimodzi chabwino mwa mazana. Mupempheni akutumizireni gallery yathunthu ya kasitomala mmodzi, kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza, makamaka ya tsiku la mitambo. Wodziwa ntchito savuta, amatumiza linki tsiku lomwelo. Amene ayambe kuzungulira kuti makasitomala anga salola, kaya kompyuta yavuta, musiyeni. Tenganinso zithunzi zake ziwiri zitatu muziike pa Google Lens muone ngati sizikutuluka pa dzina la munthu wina. Kenako mupemphe muyankhulane pa vidiyo mphindi zisanu zokha, muone nkhope, mumve ngati mukumvana chilankhulo, chifukwa maola awiri ndi munthu amene simukumvana naye ndi aatali ndipo zimaonekera pa nkhope zanu.

Tsono chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ichi, mufunseni ngati anajambulapo anthu akuda ngati ife ndipo akuonetseni. Musachite manyazi, ndi funso la ntchito. Kamera ikasiyidwa kuti iziganizira yokha imayeza kuwala kwa malo onse, ndiye ku Venice kumbuyo kwanu kuli miyala yoyera ndi madzi onyezimira, kamera imachepetsa kuwala kuti zimenezo zisapse, mapeto ake nyumba zikuoneka bwino inu nkhope mdima wokhawokha, mano ndi maso basi. Wodziwa amayeza kuwala pa nkhope yanu, amakutembenuzani kuti kuwala kobwerera kuchokera pakhoma kapena pamadzi kukumenyeni kumaso, ena amanyamula kowalitsira kopinda kaja. Vuto lina limabwera poedita. Ambiri ali ndi mtundu umodzi umene amangopaka pa zithunzi zonse, anaukonzera khungu loyera, ukafika pa khungu lathu limasanduka lotuwa ngati phulusa kapena la olenji. Ndaziona kambirimbiri ndipo zimandipweteka chifukwa munthu walipira ndalama zambiri. Mukaona mu zithunzi zake muli munthu wakuda ndipo khungu likuoneka lamoyo, ameneyo ndi wanu ngakhale atakwererako mtengo.

Nchifukwa chakenso m'mawa ndi wabwino, si anthu okha ayi. Dzuwa likakhala pansi kuwala kumabwera cham'mbali kofewa, likakwera pamutu limapanga mithunzi pansi pa maso ndipo mumangotsinzina. Mitambo musaiope, kwa ife ojambula tsiku la mitambo ndi tsiku labwino pa nkhope za anthu.

Mitengo mwatchulayo siyachilendo, koma mtengo pawokha sukuuzani kanthu, funsani zimene zili mkati. Zithunzi zoedita mulandira zingati, musankha ndinu kapena iyeyo, zibwera patatha masiku angati, zikhala zazikulu zoti nkusindikiza chapakhoma kapena zazing'ono za pa foni, pakhala chizindikiro chake pakona kapena ayi. Ena amakopa ndi mtengo wotsika koma mkati muli zithunzi 15 zokha, zotsalazo muzigula chimodzichimodzi mutaziona kale ndipo mtima sukulolani kuzisiya. Ma RAW, mafayilo osaedita ochokera mu kamera, ambiri sapereka, musalimbane nazo, inu simukuwafunanso. Muuzeninso ngati simukufuna nkhope zanu aziike pa tsamba lake, ku Ulaya malamulo a zimenezi ndi okhwima ndipo ayenera kukupemphani kaye.

Chifukwa cha zomwe zinakuchitikirani pa ukwati, mufunseni mosabisa ngati kamera yake ili ndi malo a makadi awiri ndipo amalemba pa onse nthawi imodzi. Makamera a ntchito a masiku ano ambiri ali choncho, kadi imodzi ikafa inayo ilipo. Mufotokozereni nkhani yanu ngati mmene mwatifotokozera ife, munthu wamtima aisamala ntchitoyo mwapadera. Mutha kumupemphanso kuti madzulo a tsiku lomwelo akutumizireni zitatu kapena zisanu muzichoka nazo mu Venice zili kale mu foni.

Dipoziti ndi yachilungamo, nafenso timatseka tsikulo chifukwa cha inu, koma musalipire zonse musanakumane. Lipirani pa kadi kapena PayPal njira ya kugula katundu ndi ntchito, osati ija ya abale ndi abwenzi chifukwa imeneyo ilibe chitetezo, zikavuta palibe kodandaula. Amene akuti mutumize pa Western Union thawani. Makampani ngati Flytographer kapena Localgrapher amakhala pakati, mumalipira iwowo ndipo wojambula akadwala amayesa kukupezerani wina, mtengo umakwererako pang'ono koma kwa munthu woyamba mtima umakhala m'malo. Zonse mwagwirizana zikhale zolembedwa, ngakhale pa imelo chabe, kuphatikizapo zoti mvula ikagwa kapena madzi akakwera musunthira tsiku liti. Ndipo bukitsani m'mawa woyamba mutagona kamodzi, kuti zikakanika mukhale ndi m'mawa ina iwiri.

Akakulonjezani drone, kandege kojambulira m'mwamba, mudziwe kuti ameneyo sakutsata malamulo, pamwamba pa Venice siziloledwa popanda chilolezo chapadera.

wa_mmbali_mwa_madzi:

Ine ndisiyanako pang'ono ndi anzangawa. San Marco m'mawa ndi yokongola sindikukana, koma chithunzi chimenecho aliyense ali nacho, magondola a malona a buluu ndi San Giorgio kumbuyo mukachiona pa tsamba la wojambula aliyense. Inu mukugona ku Cannaregio, mwakhala kale pabwino osadziwa. Yendani mbali ya Fondamenta della Misericordia ndi Ormesini, mulowe ku Ghetto komwe Ayuda anatsekeredwa kuyambira 1516, nyumba zake nzazitali kuposa zina chifukwa malo anali ochepa anthu ankangomangira m'mwamba, mupitirire mpaka ku Madonna dell'Orto. Kumeneko zovala zayanikidwa pa zingwe kudutsa pamwamba pa ngalande, maboti a anthu wamba, agogo akukoka tingolo tawo kupita kukagula zinthu, makoma a njerwa zofiira pulasitala atasupuka ndi mchere. Dilesi ya mtundu umodzi wowala pa khoma limenelo imatuluka bwino kwabasi. Mukatenga maola awiri gawani, ola loyamba San Marco kuti mtima ukhale pansi, lachiwiri kuseri. Kudera la Dorsoduro nakonso, pa Squero di San Trovaso pomwe amakonzera magondola, mumaima tsidya lino la ngalande nkumaona mabwato atagonekedwa pamtunda.

Za madzi ndikuuzeni bwino chifukwa ndinawapeza mu Novembala. Amati acqua alta, si mvula ayi, ndi mafunde a nyanja ya Adriatic akakumana ndi mphepo yochokera kummwera imene imakankhira madzi mkati, kawirikawiri kuyambira Okutobala mpaka Januwale. Madzi amakwera maola ochepa, atatu kapena anayi, kenako nkubwerera, si zoti tsiku lonse mzinda uli m'madzi. Zimene munaona pa intaneti mwina ndi za 12 Novembala 2019 pomwe anafika masentimita 187, kuposa apo ndi 1966 pokha pomwe anafika 194. Kuyambira Okutobala 2020 ali ndi zotchinga zija amati MOSE, zitseko zazikulu zachikasu zogona pansi pa nyanja pa makomo atatu olowera madzi, akaona kuti kukubwera madzi ambiri amazidzutsa. Koma sazidzutsa pa madzi ochepa, ndipo San Marco ndi malo otsika kwambiri mumzinda wonse, ndiye bwalolo limatha kunyowa pomwe kwina konse kuli gwaa. Madziwo sachokera kunyanja kudutsa pamwamba, amatumphuka m'mabowo a pansi pa bwalo pang'onopang'ono, ine ndinaima nkumaonerera akufalikira. Amaika timatebulo toyendapo, ndipo akamayembekeza madzi ambiri kumalira masaireni. Ikani apu ya hi!tide Venice pa foni, imaonetsa ola limene madzi akwere.

Ndipo kunena zoona madzi ochepa pa San Marco ndi mwayi, tchalitchi chonse chimaonekera pansi ngati pa galasi, ojambula amachita kuthamangira. Koma musavule nsapato kulowamo, si madzi aukhondo.

Ndalama yolowera mumzinda ija anayamba pa 25 Epulo 2024, 5 euro, isakudetseni nkhawa, ndi ya anthu obwera masana nkubwerera osagona, ndipo mu 2024 ndi 2025 masiku ake anali pakati pa Epulo ndi Julaye basi. Inu mukalipira kamsonkho kogonera pa hotela. Zimene muyenera kusamala ndi malamulo a pamsewu chifukwa apolisi a mzinda amalipiritsa faini, kudyetsa nkhunda pa San Marco analetsa mu 2008, ndiye chithunzi chija cha nkhunda zitatera m'manja chiiwaleni, kukhala pansi pa masitepe a bwaloli kapena pa milatho nkumadya nakonso sikuloledwa. Pa timilatho ting'ono musatsekereze njira nthawi yaitali, m'mawa anthu akuthamangira kuntchito, ena akukweza katundu pa ngolo sitepe ndi sitepe, mukamva "permesso" kapena "attenzione" patukani msanga. Mumzinda wakalewo mwatsala anthu osakwana 50,000 ndipo atopa nafe alendo, tiziwapatsa ulemu kwawo.

mayi_wa_atatu:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri ndipo zina ndalemba mu kope. Achimwene a kamera, za khungu sindinaziganizepo nkomwe, ndabwerera pa masamba a ojambula atatu amene ndimayankhula nawo, awiri mulibe munthu wakuda ngakhale mmodzi, wachitatu uja wa 480 euro ali ndi banja lina lakuda ndipo akuoneka bwino kwambiri, mayiyo khungu likuchita kuwala. Ndamulembera za makadi awiri ndipo wayankha kuti inde, wanditumiziranso gallery yonse ya banjalo zithunzi 90. Wati mvula ikagwa tisunthira mawa lake osawonjezera ndalama ndipo walemba pa imelo.

Ndili ndi mafunso ena awiri. Ndaona zithunzi za ku chilumba cha Burano nyumba za mitundumitundu zija, mtima wanga wapita, kodi tingakwanitse San Marco ndi Burano m'maola awiri omwewo? China, iyeyo wati tikumane 6:15, koma ine nditafufuza ndapeza kuti dzuwa kumapeto kwa Okutobala limatuluka 7:30 itadutsa, nanga ola lonselo tizikatani mumdima? Tsiku lathu ndi Lachiwiri lomaliza la mweziwo.

kamera_pakhosi:

Amayi wojambula wanuyo ali bwino, wawerengera kusintha kwa nthawi. Ku Italy monga maiko ena a ku Ulaya amabweza wotchi ola limodzi usiku wolowera Lamulungu lomaliza la Okutobala. Lisanafike tsikulo dzuwa limatuluka chakuma 7:40, akangobweza limatuluka chakuma 6:45. Onani pa kalendala, ngati Lachiwiri lanulo likubwera pambuyo pa Lamulungu limenelo ndiye 6:15 ndi nthawi yake yeniyeni, mphindi 30 dzuwa lisanatuluke kumwamba kumakhala buluu wozama magetsi adakali oyaka, zithunzi za nthawi imeneyo nzosowa. Mufunseni kuti mutsimikizirane. Kumbukiraninso kuti madzulo kuzida msanga, cha m'ma 5 dzuwa lalowa. Foni imasintha yokha nthawi koma wotchi ya pamkono musinthe nokha.

ulendo_sutopetsa:

Burano m'maola awiri omwewo ayi achemwali, mapanga awiri avumbwitsa. Boti la nambala 12 limanyamukira pa Fondamente Nove ndipo limatenga mphindi pafupifupi 45 kupita kokha, ndiye nthawi yonse mwalipira ithera pa boti mutakhala moyang'anizana ndi wojambula. Pitani tsiku lina awirinu, nyamukani m'mawa anthu asanachuluke, kumeneko foni imakwanira chifukwa mitundu ya nyumba imagwira ntchito yokha. Fondamente Nove ili ku Cannaregio komweko simuvutika. Gulani tikiti ya masiku osati ya ulendo umodzi, ya ulendo umodzi ndi 9.50 euro mphindi 75, pomwe ya maola 24 ndi 25 euro ndipo ya maola 72 ndi 45 euro, mukakwera katatu patsiku yabweza kale. Musaiwale kuigunditsa pa kamakina musanakwere. Tikiti yomweyo ikuthandizani m'mawa wojambulitsawo, maboti amayenda ngakhale usiku, ngakhale ine ndikanakhala inu ndikanayenda wapansi kudzera Strada Nova nkumatsata zikwangwani zachikasu zolembedwa Per S. Marco, ndi mphindi 30 kapena kuposerako pang'ono, mzinda uli zii mukungomva mapazi anu ndi madzi akumenya makoma.

Valani jekete pamwamba pa dilesi, muzivula pojambula pokha. Zopakapaka kumaso dzikonzeni nokha kapena mugwirizane ndi munthu kudakali nthawi, saluni siikhala yotsegula 5 koloko m'mawa. Abambo asavale malaya a timizeremizere ting'onoting'ono, ndipo foni ndi waleti atulutse m'matumba a thalauzi, amuna anga pa zithunzi zoyambirira thumba likuoneka lotupa mpaka wojambula anachita kuwalanda nkuika m'chikwama chake.

bambo_wa_mapasa:

Alamu, ndalowa kuti ndiyankhule za achimwene akunyumbako chifukwa ine ndinali ngati iwowo. Mayi akunyumba atanena zojambulitsa ndinakana, ndinati ndalama imeneyo ndi ya masiku awiri a hotela, komanso chimene sindinanene nchoti ndimachita manyazi kuima pagulu munthu akundiuza kuti gwira apa, yang'ana uko, seka. Amuna ambiri vuto lathu ndi limenelo osati ndalama. Ndiye auzeni kuti m'mawa kulibe gulu loti liziwayang'ana, ndipo wojambula wabwino sakuimikani ngati asilikali, amangoti yendani mpaka pa mlatho apo muzicheza, mphindi khumi zoyamba zokha ndi zomwe zimavuta kenako umaiwala kuti kuli kamera.

Za odutsa tinayesa tsiku loyamba pa mlatho wa Rialto. Wina anadula nsonga ya mutu wanga, wina anajambula mlatho bwinobwino ife tili pakona, ndipo nthawi yonse maso anga anali pa foni kuopa kuti athawa nayo. Pa zithunzi zonse za ulendo umenewo zomwe tinajambula tokha, tili limodzi pa zinayi basi, zinazo ndi iwo okha kapena ine ndekha.

Awerengereni zomwe mwalemba pamwambapa za ana kufunsa dilesi, mwina simunawauzepo choncho. Mukamaliza kujambula mukhala muli pafupi ndi msika wa Rialto, Lachiwiri mbali ya nsomba imakhala yotsegula, Lamulungu ndi Lolemba ndi pomwe amatseka, mukazungulire kumeneko kenako mumwe khofi mutaimirira pa kauntala ngati eni mudzi, ndi yotchipa kusiyana ndi kukhala pa tebulo. Ngati achimwenewo gondola ya 90 euro ikuwawawa, pamsika pomwepo pali traghetto, gondola yaikulu yoolotsa anthu Canal Grande kupita ku Santa Sofia pa 2 euro, opalasa awiri, mphindi ziwiri mwafika tsidya la Cannaregio kwanu.

mayi_wa_atatu:

Alamu mwalasa, ndawaonetsa zomwe mwalembazi usiku wathawu ndipo anakhala chete kanthawi kenako anati nanga suti ndinyamule iti, ya buluu kapena yakuda. Ndaona pa kalendala, Lachiwiri lathu lili pambuyo pa kusintha kwa nthawi, wojambula watsimikiza 6:15 pa siteji ya San Zaccaria. Dipoziti ndalipira lero pa kadi, yotsalayo tikapereka tikamaliza. Tagwirizana ola loyamba San Marco ndi Accademia, lachiwiri atiperekeze kubwerera mbali ya Cannaregio monga ananenera a m'mbali mwa madzi, gondola tikakwera tokha madzulo ake. Dilesi ndapeza yoyera yaitali yosavuta kuyenda nayo, osati yaukwati yeniyeni koma yofananako. Achimwene a kamera, yoyera pa khungu langa ndi miyala yoyera ya kumeneko sizivuta, kapena ndinyamulenso ina ya mtundu wina?

kamera_pakhosi:

Nyamulani yoyerayo amayi, m'mawa kuwala kudakali kofewa siivuta, ndipo munthu amene anajambula banja lija bwino aidziwa. Mungomutumizira chithunzi cha dilesiyo pasadakhale adziwe chimene akukumana nacho. Abambo avale ya buluu, yakuda imameza kuwala m'tinjira ta mdima tija. Sikafu ya mtundu wowala ikhale m'chikwama, ikuthandizani pa mphepo ndipo pa makoma ofiira a ku Cannaregio muikolekeko.